Kulira kwa Dorika m'Pampu ya Njinga

"Ndati ayi, alamu. Pamtengo paja sipapachikidwa zitsulo."

"Sindinati mupachike. Ndati mwanayu angoigwira m'manja basi."

"Aigwire m'manja! Kodi mwayesa kumene tikupitaku ndi kokonzetsa njinga?"

Dorika anali kuseri kwa nkhokwe, akumva zonse. Amene ankakanawo anali amayi ake aakulu, a Febe, mkulu wawo wa malemu amayi ake, amenenso ankasamala mtengo wa zipanda. Amene ankapemphawo anali abambo ake, a Gideoni, chipewa chili m'manja ngati akulowa m'tchalitchi. Dzuwa linali lisanakwere kwenikweni koma nyenje zinali zitayamba kale kuboola makutu. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo tsikulo linali la Chimatulo.

Mudzi wa Chilizamphepo uli kuseri kwa Namitete, ukadutsa madambo ndi nazale za fodya. Kuuona, sungausiyanitse ndi midzi ina: zigafa, mbuzi, mjigo, anyamata a kabaza atagona pa zishalo kudikira anthu. Kusiyana kwake n'kumodzi. Kumeneko mwana akabadwa, kulira kwake koyamba sakulola kuthawira mumphepo. Mbale wamkazi wa mayiyo amatchera kachipanda kukamwa kwa khandalo, kulira kuja n'kulowamo, iye n'kumata msanga ndi phula. Kachipandako amakapachika pa mkuyu waukulu wa kudambo, ndipo kamakula limodzi ndi mwini wake, chikhalirecho n'kouma, kopanda muzu.

Munthu akangobadwa, chimene amayamba n'kufuna, ndipo kulira kuja ndiko kufunako. Choncho mwana wa ku Chilizamphepo amatha kupempha madzi, pensulo, chimanga chootcha. Koma chachikulu chija, chimene chimamugubuduza pamphasa anzake ali mtulo, sichituluka. Chimafika pakhosi n'kuima, ngati mbatata yodya popanda madzi. Chimadikira Chimatulo, tsiku limene chipanda chimatseguka, mawu n'kubwerera kwa mwini. Ndipo chimene mwana anganene choyamba mawu atamubwerera, akuluakulu sakana ngati chili m'manja mwawo.

Dorika analibe chipanda.

Nkhani yake mudzi wonse unkaidziwa, ndipo ankaifotokoza akupukuta misozi ya phwete. Tsiku limene amayi ake, a Martha, matenda a uchembere anawayamba, zinthu zinavuta. A Febe anali kumaliro kutali. A Gideoni anangomukweza mkazi wawo panjinga ulendo wa kuchipatala ku Namitete, mvula ikugwa, kachipanda atakamanga m'nsalu. Pa mlatho wa mitengo njinga inaterereka, kachipanda kaja phwaa. A Gideoni anali mkamwini wochokera ku Nsaru, mwana wa mkulu wa mpingo, munthu amene za zipandazi ankangozilemekeza chifukwa cha mkazi wake. Koma ataima kunja kwa zenera la chipinda chochiliramo, zidutswa za chipanda zili m'thumba, anamva khanda likukoka mpweya kuti lilire. Anasolola pampu panjinga, n'kuloza kukamwa kwake pazenera, ndipo kulira kutangoyamba anakoka chogwirira mpaka kumapeto. Anatseka ndi chala, kenaka n'kumanga ndi kamphira ka chubu.

Kuyambira tsiku limenelo pampuyo sinapopenso tayala. Anaikulunga m'chiguduli n'kuisomeka padenga la chigafa, ili chikokere. Zaka zonsezi a Gideoni akhala akuyenda khomo ndi khomo kubwereka pampu, yawo ali nayo.

Tsopano a Martha anali atamwalira, dzinja lathali. Mkamwini mkazi wake akamwalira amasudzulidwa, n'kubwerera kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. Achibale anagwirizana kuti a Gideoni aonerere Chimatulo, akatero anyamuke mvula isanagwe kuti akapeze polima ku Nsaru. Katundu anali atamanga kale: chikwama, khasu, Baibulo ndi kawailesi. Dorika ankati akaona mtolowo pakona, chinthu chija chinkakwera kuchokera m'mimba n'kudzaima pakhosi. Dzulo lake anatsatira abambo ake kunazale, natsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Abambo, keni yanu yothirira ikudontha."

"Mwanayu ndi wanga monga analili wa Martha," a Febe ankanena tsopano. "Sindifuna akamuseke mudzi wonse uli pomwepo. Akakaima ndi chitsulo chadzimbiri, njuchi zomatula zipanda n'kumudutsa, akamutonthoze ndani? Inu? Inu mawa muli ku Nsaru."

"Muli mawu mmenemuja, alamu."

"Munawamva?"

"Ndinawakoka ndi manja angawa."

"Munakoka mphepo ya kuchipatala ndi fungo la mankhwala. Mwamuna satchera kulira, ndipo pampu si chipanda. Adikire. Mwina chaka chamawa tidzaganiza njira ina."

Chaka chamawa! Dorika sanamvere zotsalazo. Anazembera kuchigafa, nakwera mitengo yopachikapo fodya ngati nyani, fumbi ndi akangaude zikumugwera m'maso. Chiguduli chinali pomwepo. Pampu inali yopepuka kuposa mmene ankaganizira, yakuda, yotentha ndi dzuwa la padenga. Anaiika pakhutu koma sanamve kanthu, mtima wake wokha. Anaimangirira pamimba ndi chitenje, ngakhale inkamubaya m'khwapa chifukwa cha kutalika, n'kuthamangira kumjigo kumene anzake ankasamba mapazi.

Pa Chimatulo sipalira ng'oma, sipaimbidwa nyimbo. Mudzi wonse umakhala chete kuti mawu akamabwera asasokere. Mawailesi anazimitsidwa. Mafoni anawaunjika m'lichero pamphambano. Atambala anawavundikira ndi madengu, ndipo agogo ena achimuna otchuka ndi chifuwa anawapatsa nzimbe kuti azitafuna. Dzuwa litafika pamutu, chithunzithunzi cha munthu chitabisala kumapazi, a Febe anadzoza ana onse mafuta a nsatsi pakhosi. Atafika pa Dorika anaima, nayang'ana chotupa cha m'chitenje chija, nayang'ananso nkhope ya mwanayo. Kuyankhula kunali kutaletsedwa kale. Anamudzoza mokwiya.

Anayenda mondondozana, opanda nsapato, dothi likuwotcha. Pa kamtsinje ka kudambo akamwini ndi alendo anatsala tsidya lino, monga mwa mwambo. A Gideoni anaima pakati pawo. Dorika powoloka sanawayang'ane.

Mkuyuwo ankauona chapatali moyo wake wonse, koma pansi pake anali asanapondepo, chifukwa mwana saloledwa kufikapo nthawi yake isanakwane. Atangolowa mumthunzi, kutentha konse kunatha ngati wina watseka chitseko. Mpweya wake unali wozizira, wonunkhira uchi ndi mvula imene inali isanagwe. Anakweza maso, n'kuiwala kupuma.

Zipanda zinali lendelende nthambi iliyonse, mpaka m'mwamba mmene maso sankafika. Zina zinali zazikulu ngati mitsuko, zina ngati mazira a nkhanga, za makanda obadwa chaka chomwecho. Mphepo kunalibe, udzu wa m'dambo unali zii, koma zipandazo zinkagwedezeka pang'onopang'ono, chilichonse payokha, ngati zifuwa za anthu ogona. Ndipo zinkang'ung'udza. Linali phokoso lapansipansi, ngati mpingo ukuimba kuseri kwa phiri, lomveka m'mano ndi m'mafupa kuposa m'makutu. Kumapazi kwake kunali zikamba za zipanda zakale, za onse amene anamatulapo, zosalala ngati mbale zadothi. Penapake pamenepo panali cha amayi ake. Dorika anaponda mosamala ngati akuyenda pa mazira.

A Febe anagwada patsinde, naomba m'manja mwaulemu, mofatsa. Kwa kanthawi sipanachitike kalikonse. Kenaka mumphako munatuluka njuchi, osati imodziimodzi ayi, koma ngati utsi wachikasu ukufuka, n'kukwera mozungulira thunthu. Kuwala kolowera m'masamba kunkazigwira, zikuoneka ngati nsakali za moto. Zinayendayenda m'nthambi, zikununkhiza chipanda ichi, n'kusiya, icho, n'kusiya, mpaka zinaunjikana pa chimodzi. Zinadya phula lonse n'kulibweza kumphako kumene linachokera. Luzi linaduka lokha, ndipo chipandacho sichinagwe ngati chinthu cholemera; chinatsika ngati tsamba, n'kudzatera m'manja mwa Vincent, mnyamata wa makutu akuluakulu wa kumtunda kwa mjigo.

Munatuluka kulira kwa khanda, kowonda ngati ulusi. Amayi a Vincent anagwira pakamwa, chifukwa anakuzindikira. Kulirako kunazungulira mtengo, ndipo pozungulirapo kunkakula: kunasanduka chibwibwi cha mwana wokwawa, kenaka kuseka, kenaka kufuula kwa mnyamata wothamangitsa mbuzi, mpaka kunakhala mawu a munthu wamkulu amene aliyense anali asanawamvepo. Mawuwo anatsika n'kulowa m'kamwa mwa Vincent. Iye anadzandira ngati wamwa madzi ambiri nthawi imodzi, chipanda n'kusweka m'manja mwake.

"Nena, tikumvetsera," anatero a Febe.

Vincent anakweza mutu. "Ndikufuna amalume asiye kundiitana kuti Kanyimbi," anatero ndi mawu okhuthala amene anamudzidzimutsa yekha.

"Tamva, mwakula," mudzi wonse unayankha pamodzi, ndipo amalume akewo anayankha mokweza kuposa onse, maso ali pansi.

Njuchi zinapitiriza. Queen, mnzake wa Dorika, anapempha kadimba kakekake pafupi ndi chitsime kuti abzalemo maluwa okhaokha, osadyedwa, osagulitsidwa. Wina anafuna kukaona kwawo kwa abambo ake. Wina mawu ake atamulowa anangolira kaye nthawi yaitali, anthu n'kumudikira. Dorika ankaona zonsezi tsitsi likumuyimirira, koma mapazi ake ankapondaponda. Fulumirani, ankatero mumtima, fulumirani. Chipanda chomaliza chitasweka, utsi wachikasu uja unayamba kutsetserekera kumphako.

Dorika anamasula chitenje. Anatuluka pamzere, nakweza pampu m'mwamba ndi manja onse awiri.

Njuchi zinaima m'malere. Zinabwerera, zinamuzungulira mpaka mphepo ya mapiko awo inkamukupiza kumaso. Zinatera pa kamphira kaja, zinanunkhiza, zinalawa. Kenaka zinanyamuka zonse pamodzi n'kukalowa mumphako. Njuchi zimadziwa phula. Za chubu cha njinga sizizidziwa.

Kumbuyo wina anatsokomola pobisa kuseka. Dorika anakanda kamphirako ndi zikhadabo, koma kanali kataumiratu ngati mwala. Analuma, mano n'kuterereka. Anakhazika pampu pansi nakankha chogwirira ndi thupi lonse, koma dzimbiri la zaka zonsezo linali litagwira ndodo yake. Anayang'ana tsidya la kamtsinje. Abambo ake anali ataphimba nkhope ndi chipewa.

A Febe anabwera pang'onopang'ono. Mkwiyo unali utawathera, patatsala chisoni chokha. "Zakwana, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Bwera nayo kuno. Ndimaopa zomwezi." Anailandira, naigwedeza pafupi ndi khutu lawo kuti mwanayo aone yekha. "Waona? Mulibe kan—"

Sanamalize. Dzanja linauma m'malere. Anakanikiza pampu ija pakhutu, natsinzina. Makutu amenewo anali atamvetsera zipanda zaka zambiri. Ankadziwa kusiyanitsa chopanda kanthu ndi chogona. Dorika anaona nkhope ya amayi ake aakulu ikusintha, makwinya a pamphumi akumasuka. A Febe anagwada pansi.

"Martha," ananong'ona.

Sanafunse munthu. Anaika kamphira kaja pa mano a m'mbali, nakukuta mpaka kanaduka, chala n'kutseka pakamwa pa pampu. Anatulutsa kabotolo ka mafuta a nsatsi, odzozera ana aja, nathira onse otsala m'ndodo ya pampuyo, mafuta akuyenderera m'mikono.

"Gwira apa," anauza Dorika. "Zipanda zathu zimadikira njuchi. Ichi n'cha kwa abambo ako, chimafuna kukankha. Ika manja ako pansi, anga pamwamba. Ndikachotsa chala, kankha ngati ukusinja."

Anakankha. Pampu inalira kwii, n'kuima. Anakankhanso, thukuta likugwera pa zikamba. Dzimbiri linathetheka, ndodo inatsetsereka yonse mpaka pansi.

Choyamba kutuluka linali fungo: mankhwala a kuchipatala, ndi dothi lonyowa. Kenaka pansi pa mkuyu, dzuwa lili phwee kunja, panamveka mvula ikugwa pamalata. Anthu anayang'ana kumwamba, ena n'kufunda nsalu kumutu. Panamveka tayala la bedi likulira m'khonde, namwino akuti, "Wamkazi!" Panamveka wefuwefu wa mwamuna amene wapalasa njinga mtunda wautali m'matope, akupemphera mothamanga, "Ambuye, kasathawe, kasathawe." Chipanda amachitchera pakamwa pa mwana, ndiye chimagwira kulira kokha. Pampu inali panja pa zenera, ndipo inakoka zonse zimene zinali mumpweya wa tsikulo.

Ndiye kulira kunatuluka, kwamphamvu, kwaukali, kwa khanda losafuna kudikira. Ndipo kuseri kwa kulirako kunali kuseka. Kuseka kotopa, kosasa mawu, kumene aliyense pamenepo ankakudziwa, kumene kunkamveka kumjigo m'mawa uliwonse mpaka dzinja lathali.

"A nesi, taonani pazenerapo," anatero mawu a Martha. "Mwamuna wangayo wapenga. A Gideoni! Mwagwira? Gwiritsitsani, musataye. Ameneyu adzakhala ndi zonena."

Zipanda zonse za mumtengo zinayankha. Zinagwedezeka pamodzi, zazikulu ndi zazing'ono, kung'ung'udza kuja n'kukwera mpaka nthaka inanjenjemera kumapazi. Nkhuyu zinayoyoka ngati matalala. Njuchi zinatulukanso mumphako, osati kudzadya phula, koma kudzangozungulira, ngati nazonso zabwera kudzaonerera. Palibe amene anasekanso. Amayi okalamba anagwada, anyamata a kabaza anavula zipewa. Tsidya la kamtsinje a Gideoni anali atagwada m'matope, manja ali pamutu, akulira poyera ngati mwana, ndipo akamwini anzawo anawagwira mapewa.

Kuseka kwa Martha kunakwera m'nthambi, kukucheperachepera, mpaka kunasakanikirana ndi masamba. Koma kulira kunatsala. Kunazungulira mtengo, kukukula: Dorika anadzimva akuphunzira kunena "amama," anadzimva akuwerenga mokweza m'kalasi, akuimba pochapa, akulira kumanda. Kenaka anamva mawu amene anali asanawamvepo, ofanana ndi a amayi ake koma osakhala a amayi ake. Anatsegula pakamwa. Mawuwo analowa otentha ngati tiyi, akukoma chitsulo ndi madzi a mvula, ndipo chinthu chija chimene chinakhala pakhosi pake miyezi yonseyi chinasungunuka. Pakhosi panayera ngati njira yolambula kumene.

A Febe anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anaimirira movutikira, nayang'ana tsidya kumene kunali mlamu wawo, nayang'anitsitsa, ngati akumuona koyamba. Kenaka anatembenukira kwa mwana.

"Nena, mwana wanga. Tikumvetsera."

Zofuna zinadzadza m'kamwa mwa Dorika, zikukankhana ngati ana pakhomo la kalasi. Ankafuna amayi ake atsike m'masambamo, koma chimenecho sichinali m'manja mwa munthu aliyense. Anatola pampu, yopepuka tsopano, yonyowa ndi mafuta. Anatuluka mumthunzi mpaka m'mphepete mwa kamtsinje, mudzi wonse uli kumbuyo kwake, ndipo mawu ake atsopano anawoloka madzi popanda kufuula.

"Ndikufuna abambo amasule katundu wawo. Alime munda wa amayi, akalambire pano, ndipo tsiku lawo likadzafika adzagone pambali pa amayi." Anatambasula dzanja ndi pampu ija. "Nayi pampu yanu, mwabwereka mokwanira. Abambo, musapite."